Sitolo ya Dzitengere Wekha pa Nkaya

Lolemba

Mtima sukukhazikika! Chibwerere ku Blantyre dzana ndikungozungulira ngati nkhuku yosowa poikira.

Ndilembe ndisanaiwale. Anatitenga pa lole, amayi onse a nthambi yathu ya chipani, kukavina pamaso pa Mkulu uja. Dzina sindilemba, kope limatayika. Magule atatha lole inachedwa kubwera. Anzanga anakhala pamthunzi n'kumatafuna chinangwa. Ine ndinanamizira kukadzithandiza, ndinazemba, ndinangopezeka ndalowa m'sitolo yaikulu ya m'tauni.

Mayi wanga ine! Sitolo yopanda kauntala! Umatenga basiketi pakhomo n'kumayenda wekha pakati pa mashelefu ngati ukuyendera munda wako. Wafuna sopo, watola. Palibe wokufunsa. Chilichonse chili ndi kapepala ka mtengo wake. Nsapato kwake, mapoto kwake, zakudya kwake. Kulipira ndi potuluka basi. Ndiye pazenera panaima mzimayi wamtali, diresi lobiriwira, dzanja m'chiuno. Ndinamupatsa moni, ndi kupinda mawondo komwe. Chinali chidole. Ndikhulupirira palibe anandiona.

Sindinagule kanthu, koma ndinatuluka ndi nzeru.

Tsono zinthu zili chonchi. Amalume, Che Saidi, ali kuchipatala cha mishoni, akuwachotsa ng'ala m'maso. Sitolo yawo ino ya pa Nkaya, imene anagula amwenye atauzidwa kuti asamukire m'matauni, andisiyira ine. Abwera Lamulungu pa sitima. Ponyamuka anati: "Ndikapeza zili bwino, makiyi ndi ako. Ndikapeza chipwirikiti, ndiitana Yusufu." Yusufu, mwana wawo, msuweni wanga, munthu wosasiyanitsa shuga ndi feteleza! Ine sitolo ikandiphonya ndiye kuti ndabwerera kumunda wa thonje, ndi kwa amayi, amene chithere banja langa ntchito yawo ndi kunditchulira amuna oferedwa akazi.

Iyayi. Maso atsopano apeze sitolo yatsopano.

Zochita:
1. Kauntala ichoke.
2. Madengu pakhomo. Mabasiketi kuno kulibe.
3. Mitengo ilembedwe.
4. Chikwangwani.
5. Chidole. Popanda chidole si Blantyre.

Ndaitana Che Jafali, kalipentala wa kuseri kwa siteshoni. Ayang'ana kauntala, ayang'ana ine. "Imeneyi anakhometsa mmwenye ine ndili mnyamata. Eni ake mwawafunsa?" Ndati sabata ino eni ake ndine.

Kauntala yakana kutuluka pakhomo. Aigulula miyendo, yatuluka chogona ngati jeneza la maliro. Pansi pake tapeza chisa cha makoswe, supuni, makobidi oboola pakati a nthawi ya atsamunda, ndi kofia ya amalume imene akhala akunena kuti inabedwa kumzikiti.

Pasimenti patsala mzere woyera pomwe inali. Ndakolopa, sukuchoka.

Za chidole ndawajambulira pansi ndi chala. Akuti: "Ana ndili nawo, achemwali, koma sindinawapange ndi macheka." Avomerabe. Akuti Lachinayi.

Ndakhala pansi, ndaimirira, ndasuntha thumba la mchere, ndalibwezera pomwe linali. Kunja kuche msanga. Mawa a pa Nkaya adziwanso!

Lachiwiri

Chikwangwani ndalemba ndi makala pa katoni: LOWANI, MUDZITENGERE NOKHA. Ndachikhoma pakhoma, ndabwerera m'mbuyo kuti ndichione bwino, mtima wangoti myuu. Chakwera kuposa chithunzi cha Mkulu! Ndachizula msangamsanga, ndakachipachika panja. Palibe waona. Tsiku ndaliyamba ndi thukuta.

Mashelefu ndawakokera pakati, awiri okha amene tili nawowo. Njira yapakati ndi yoti munthu wonenepa adutse chammbali. Palibe kanthu, a ku Blantyre nawo anayambira penapake.

Woyamba kulowa ndi Abiti Mussa, agogo amene amagula machesi ndi mchere pafupifupi tsiku lililonse. Afika pa mzere woyera uja, aima. "Odi!" Ali kale m'kati, koma odi. Ndati agogo, pitirirani, tolani chimene mukufuna. "Ndigwire katundu wa eni ndi dzanja langali? Mawa mudzati singano zasowa, Abiti Mussa anali pomwepo. Ngwamba! Iyayi!" Machesi ndakawatengera ndekha.

Onse chimodzimodzi. Afika pamzere, aima, aloza ndi chala. Kauntala palibe koma akuiona. Bambo wina waika ndalama pa kauntala imene palibeyo, zamwazika pansi. Tagwada tonse awiri kusaka pansi pa matumba.

Ine ndiye ndikuyenda mtunda kuposa kale, poti katundu ndamumwaza sitolo yonse. Mchere kumpoto, ulusi kumwera, palafini pakona.

Madala atatu, anzawo a amalume amene amabwera kudzatsamira pa kauntala n'kumakamba za mvula ndi za thonje, afika nthawi yawo. Che Bakali, amene maso awo ndi ofooka kuposa a amalume, atambasula chigongono monga mwa masiku onse. Mwamwayi thumba la mchere linali pafupi. Adzuka, asasa mkanjo, atuluka. Onse akakhala pa kauntala imene yagona pakhonde, andifulatira.

Madengu ndinabwereka kwa amayi, ndinati ndi a tsiku limodzi. Sitima yopita kumalire itaima, alowa apaulendo. Amenewo ndiye mzere sakuuopa! Mtima wanga mbee. Ndiwo anthu oyenda amenewo, odziwa zinthu. Mmodzi watenga dengu, waikamo sopo ndi mabisiketi, walipira, wasenza dengu. "Zikomo basera, achemwali!" Ndisanatsegule pakamwa sitima yalira. Anzake aonera pomwepo.

Pofika madzulo dengu latsala limodzi, lobooka lija.

Miyendo ikuwawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma nkhonoyo ifulumire, Lamulungu si patali.

Lachitatu

Mbiri yamveka! Koma yamveka mopindika.

Potsegula ndapeza khamu pakhomo, ena achokera kutsidya kwa Rivirivi, matumba ali m'manja. Amva kuti pa Che Saidi ayamba kupereka sadaka, aliyense adzitengere yekha. Mayi wina wafunsa ngati amalume atisiya kuchipatalako. Ndalongosola mpaka kukhosi kwauma gwa. Pansi pa chikwangwani ndawonjezera: KOMA MULIPIRE. Odziwa kuwerenga abwerera. Osadziwa atsala.

Mzere woyera auiwala. Dzulo ndimawapempha kuti alowe, lero ndikuwapempha kuti atuluke. Khomo ndi limodzi, olowa ndi otuluka akugundana zipumi.

Zimene ndaona ndi maso angawa:
- Mayi wolawa shuga ndi chikhatho, osati chala. Akuti afuna adziwe ngati ndi wa chaka chino.
- Bambo watsegula botolo la mafuta odzola, wadzola nkhope yonse ndi m'khosi momwe, watseka. "Ndione kaye ngati andiyanje, ndibweranso."
- Mtsikana wayesa mapatapata onse. Lamanzere walisiya kumapoto, lamanja kumchere.
- Mbuzi.

Timapepala ta mitengo ndinamata ndi phala la chinangwa. Mphemvu zachita phwando. Totsala tikugwa sitima ikamadutsa, ndipo anthu okoma mtima akumatitola n'kutimata paliponse. Ndiye mlimi wina wabwera ndi khasu lili ndi kapepala ka singano. "Pepala silinama, mwalemba nokha." Takokana khasu, iye uku ine uku. Ndapambana ine, koma chala chikutuluka magazi.

Ku Blantyre anthu amayenda mwakachetechete ndi mabasiketi awo, osalawa, osadzola. Kodi amawadyetsa chiyani?

Bambo Nampinga, a sitolo ya tsidya la msewu, tsiku lonse ali pakhonde pawo, manja kumbuyo. Afuula: "Achemwali, kodi mukusamuka? Mashelefuwo musataye, tikambirane!" Mayankho abwino andibwerera atalowa kale m'sitolo mwawo.

Kauntala pakhondepo yapeza ntchito. Mbali imodzi madala aikapo bawo, mbali inayo mayi wina wayalapo mandasi. Ikuchita malonda kuposa sitolo.

Yusufu wadutsa pa njinga, waliza belu. Pobwerera walizanso. Sanatsike. Ameneyo zonse akusunga m'kamutu kakeko.

Mawa chidole. Chidole chikonza zonse. Anthu akaona chitukuko ndi maso, khalidwe lisintha lokha.

Lachinayi

M'mawa wonse khosi lili panja. Njinga iliyonse yodutsa ndikuti ndi imeneyo.

Chafika!

Che Jafali achibweretsa masana, pa njinga, atachikulunga m'chiguduli. Ndinawauza kuti adzere kuseri kwa njanji. Adzera pakati pa msika, mapazi a chidole ali lendelende panja.

Nditavundukula ndakhala kaye pansi. Mapewa ngati felemu ya chitseko. Miyendo yaitali ngati ya kakowa. Mutu ndi chipanda, maso ndi mabatani, lina pamwamba lina pansi. Dzanja lija ndinati likhale m'chiuno latambasukira kutsogolo ngati likupempha. "Chigongono chimafuna nthawi," akutero Che Jafali.

Ndachiveka diresi langa labuluu, limene ndinavala tsiku la ukwati, ndi mpango kumutu. Ukaima patali n'kutsinzina pang'ono, ndi munthu ndithu. Pazenera sichikukwana, ndiponso kuseri kwa zitsulo zotchinga zenera chikuoneka ngati mkaidi. Ndachiimika m'kati, pafupi ndi khomo.

Che Bakali alowa kudzagula masamba a tiyi. Aima, awerama pang'ono. "Ali uli, amama?" Zii. Abwereza mokweza, m'Chichewa tsopano: "Muli bwanji, mayi?" Zii. Aona dzanja lotambasuka lija, aligwira kuti apereke moni. Alitaya ngati agwira njoka. "Chozizira! Chouma!" Atuluka, tiyi osagula.

Mwana wina walira mpaka kukodza pa mzere woyera.

Kenako bata. Osalowa munthu, ngakhale mbuzi.

Madzulo Abiti Mussa andinong'oneza pazenera, kulowa akana. Akuti pamsika ponse nkhani ndi yoti ndaweta ndondocha, munthu wophedwa m'matsenga n'kudulidwa lilime kuti azindikokera ogula. Akuti n'chimene ndinazembera ku Blantyre kuja, anzanga a pa lole anaona kuti ndinasowa. Ndipo akumudziwa ndi dzina lomwe: mwamuna wanga wakale, amene chipitire ku Lilongwe kukamanga nyumba za boma sanaonekenso kuno. "Mapewawo ndi ake ndithu," akutero agogo.

Munthu uja ali ndi mkazi wina ndi ana ku Lilongwe, akudya bwino! Akanakhala ndondocha yanga bwenzi nditapindula naye kamodzi kokha.

Amayi abwera atafunda nsalu kumutu. Sanalowe. Mafunso awo awiri: mwana wa eni ndamuchita chiyani, ndipo madengu awo ali kuti. Funso lachiwirilo ndi limene alifunsa mokweza.

Sindichichotsa. Ndikachichotsa adzati zinali zoona.

Lachisanu

M'mawa wonse ndagulitsa singano imodzi, kudzera pazenera.

Itatha swala ya Ijumaa kumzikiti abwera ashehe, gulu la amuna pambuyo pawo. Munthu waulemu. Aima pakhomo, atambasula ambulera, agogoda chidole pachifuwa. Go, go, go. Atembenukira gulu: "Thabwa ili. Amene akuti ndi munthu achite manyazi." Ndinatsala pang'ono kuwagwira mwendo. Koma apitiriza. Akuti m'nyumba mokhala chifanizo cha munthu angelo salowa, ndi bwino ndichichotse nkhope. Ndati ndamva, ashehe. Mumtima ndati angelo sagula sopo. Astaghafirulahi. Ndalapa.

Gulu lisanabalalike, uyo tcheyamani wa nthambi ya chipani, ndi anyamata awiri a malaya ofiira. Ayang'ana kaye chithunzi pakhoma, chili pamalo pake. Kenako chidole, kuyambira kumutu kutsika. Afika pamiyendo, aima. Diresi langa pa miyendo ya kakowa ija lathera m'mwamba.

"Mawondo ali pamtunda."

Ndati atcheya, chilibe mawondo.

"Lamulo silinati mawondo a mnofu okha."

Ndapisa dzanja pansi pa shelefu, ndasolola nsalu yoyamba imene ndaigwira, ndayamba kuchikulunga m'chiuno. Anthu ali zii. Zii wachilendo. Ndayang'ana: ndi nsalu yanga yovinira. Nkhope ya Mkulu ili chozondoka pa miyendo ya thabwa, chipumi chikukhudza simenti.

Ndakumbuka mphunzitsi uja amene anakulungira usipa m'nyuzipepala yolakwika. Mpaka lero mkazi wake akulima yekha.

Atcheya atsokomola. Atembenukira panja, afunsa anyamata aja ngati sitima ya ku Balaka yadutsa, ndipo onse atatu ayang'ana kunjanji nthawi yaitali ndithu. Ine ndamasula nsaluyo, ndaipinda bwinobwino ndi manja awiri, ndaiika pamwamba penipeni pa shelefu. Ndathothola katani ya pakhomo la chipinda cha katundu, ndachikulunga mpaka kumapazi.

Atcheya atembenuka. "Eya, tsopano ndiye mayi wolongosoka. Khadi lake lili kuti?"

Ndaseka. Iwo sanaseke. "Aliyense wopezeka pamalo a malonda akhale ndi khadi la chipani. Ngakhale mimba timaidulira." Ndagula osatsutsa, akanati ndigulirenso mbuzi ndikanagula. Pa dzina avutika, cholembera chili m'malere. Mnyamata mmodzi wati: "Poti bambo wake ndi Che Jafali..." Alemba: Abiti Jafali. Khonde lonse laphulika ndi phwete. Khadi ndalibaya pachifuwa pake ndi phini.

Anthu ayambanso kulowa, kudzaona thabwa la khadi. Kugula iyayi.

Ndikangotsinzina ndikuona chipumi chija pasimenti. Atcheya aja ndinkawanena kuti ndi ouma mtima. Mulungu awasunge.

Loweruka

Ndisanamalize kusesa, awo akazi a Che Jafali, chitenje atamanga cha ndewu. Amva kuchitsime kuti amuna awo ali ndi mwana wamkulu wapathengo, dzina lake Abiti Jafali, akumubisa m'sitolo ya Che Saidi, mpaka chipani chikumudziwa. "Ali kuti? Mayi wake ndani?"

Ndaloza ndi tsache. Afika pa chidole, akweza dzanja la mbama, aliimitsa m'malere. Ayang'anitsitsa. Ndimati aseka. Iyayi, ndiye kwayaka moto! "Mpando wanga unathyoka mvula ya chaka chatha, akuti alibe nthawi. Nthawi yosema akazi ali nayo!" Akoka mpango. "Ichi si chipanda changa chotungira madzi? Ine ndakhala ndikumenya ana!" Azula mutu, aukwapatira, ulendo.

Basi, malangizo a ashehe atsatidwa.

Masana kuyeserera magule pabwalo la sukulu, masitolo onse atseke. Kwabweranso mlendo, mayi wamkulu wa chipani wochokera kuboma. Amayi otsogolera nthambi yathu akuitana mayina a onse ogula makhadi. "Abiti Jafali!" Zii. "Watsopano, tsiku loyamba lomwe kujomba?" Ndaimirira kuti ndilongosole. Pamaso pa mlendo sakufuna nthano. "Ngati ukudziwa kumene ali, kamutenge."

Ndathamanga. Ndachibereka kumbuyo, chopanda mutu, dzanja lili pamwamba pa phewa langa ngati likundilozera njira. Kudumpha njanji. Agalu. Ana. Bambo Nampinga avula chipewa pamene ndikudutsa.

Mlendo waseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango. Koma akuti dzina likalowa silifufutika. Chigamulo: akaitana Abiti Jafali ndiziyankha ine, ndipo ndizivina za anthu awiri. Ndavina. Chiuno chatha.

Pobwerera, chitseko cha sitolo chili pululu. Pothamanga paja sindinakhome!

M'kati mulibe munthu. Koma munali anthu. Adzitengera okha, monga mwa chikwangwani! M'dengu lobooka lija muli ndalama, zina zagwera pansi. Amene analibe asiya zimene anali nazo: mazira pa shelefu ya sopo, nandolo m'mbale ya sikelo, mtolo wa nkhuni, ndi tambala womangidwa kumwendo wa shelefu, amene waboola kale thumba la mpunga. Ndani watenga chiyani, adziwa ndi Mulungu.

Ndiye kuti nzeru yanga imagwira ntchito, bola ine ndisakhalepo.

Kenako fungo. Wina podzithirira palafini sanatseke bwino kampopi ka mgolo. Wayenderera pasimenti mpaka pansi pa thumba la shuga. Thumba latsopano, limene amalume anasungira mwezi wa swaumu, wosala kudya. Ndalawa. Ndalavula. Ndalawa cha pamwamba. Ndalavulanso.

Ndagonja. Ndathamangira kwa Che Jafali kuti kauntala ibwerere mawa sitima isanafike. Ndawapeza m'shedi mwawo, mlomo wotupa, mphasa atayala pambali pa benchi. Zikuoneka kuti kunyumba sakufunidwa. Akanda m'mutu. "Miyendo iwiri ya kutsogolo ija, achemwali... ndi imene mwakhala mukuibereka masana onsewa."

Lamulungu

M'mamawa Che Jafali abwera ndi hamala. Abiti Jafali tamugoneka kuseri kwa sitolo, tamuchotsa miyendo. Watsala chifuwa, dzanja ndi khadi. Mayi wa mandasi wakana kuchoka pa kauntala, akuti ogula ake apazolowera. Ndamugula mandasi onse. Tailowetsa, taikhoma. Koma miyendo ija anaidula nsonga popanga chidole. Kauntala yaweramira kutsogolo ngati ng'ombe yakumwa madzi. Taikira njerwa, sitima ya katundu yadutsa, njerwa yachoka.

Sitima ya anthu yafika. Yusufu ali kale pasiteshoni, wanyamula chikwama cha bambo ake, pakamwa sipakutseka.

Amalume atsika opanda ndodo. Magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Sabata yonse ndimapemphera kuti aone bwino, lero ndimapemphera kuti aone pang'ono chabe. Akuona zonse! Chikwangwani ndinaiwala kuchotsa. Achiwerenga okha, mokweza, ali tsidya la msewu, mpaka KOMA MULIPIRE.

Alowa. Ayang'ana mashelefu. Anunkhiza shuga. Ayang'ana tambala, tambala wawayang'ana. Atulukira kuseri, akhalako kanthawi, abwera. Pakhonde Che Bakali apereka mbali yawo, Bambo Nampinga awoloka msewu kudzathandiza pomwe Che Bakali aiwala. Ine ndili chilili, tsache m'manja.

Kenako andiitana pafupi. Andiyang'ana nkhope nthawi yaitali. "Kodi unakula chonchi? Pomaliza kukuona bwino unali kamtsikana. Nkhope ya mayi ako yeniyeni. Nayenso sankamva."

Atambasula dzanja. Ndaikamo makiyi. Yusufu wasendera pafupi. Amalume aponya makiyi m'thumba la mkanjo wawo. "Ndinkafuna wondigwirira chifukwa ndinali wakhungu. Tsopano ndikuona. Ndipo ndaona zokwanira." Yusufu waika chikwama pansi, wakwera njinga yake.

Ine andipatsa mgolo wa palafini. Autulutsira pakhonde, ndizikhala pamenepo ndi kachitini koyezera, kutali ndi shuga, kutali ndi mashelefu, kutali ndi Che Jafali. Si makiyi, komanso si thonje. Amayi atumiza uthenga kuti Lachitatu kubwera bambo wina wa ku Ngokwe, woferedwa, wa ngolo yakeyake, ndidzavale bwino. Diresi labuluu lang'ambika m'mapewa ndi misomali.

Madzulo Abiti Mussa abwera. Aona kauntala, ausa moyo, aisisita ngati mwana wobwerera kuchokera kutali. Apempha sopo. Amalume amutenga pashelefu, amuika pa kauntala. Sopo watsetsereka yekha pang'onopang'ono, wagwera m'manja mwa agogo.

Amalume asuzumira pakhonde pamene ndakhala. "Waona? Kuno katundu amadzipereka yekha. Ku Blantyre kwakoko ziliko zimenezi?"

Ndati kulibe, amalume. Ndipo n'zoona, kulibe.